Sitima ya malasha saisunga ndi penti: mbali yanga pa mkangano wa ku Exmoor

Kumpoto kwa Devon, m'dera la zitunda la Exmoor ku England, kuli kamudzi kotchedwa Parracombe kamene kwa zaka zingapo tsopano kakhala pakati pa mkangano wa njanji. Gulu la anthu ongodzipereka likufuna kumanganso njanji yakale ya Lynton and Barnstaple, imene inatsekedwa mu 1935 itagwira ntchito zaka 37 zokha. Pakali pano gululi lili ndi kachigawo ka mtunda wa pafupifupi mailosi imodzi, kuchokera pa siteshoni ya Woody Bay kukalekeza pa Killington Lane, ndipo pamenepo amayendetsapo mutu wa sitima ya malasha wotchedwa Lyn, umene unapangidwanso potengera mutu wakale wa njanjiyo wa dzina lomweli. Cholinga chawo n'choti njanjiyo idutse ku Parracombe, ifike ku Blackmoor Gate mpaka kudamu la Wistlandpound. Mu 2018 akuluakulu oyang'anira malo otetezedwa a Exmoor National Park anapereka chilolezo, anthu ena a m'mudzimo anakanitsitsa kwamtuwagalu, ndipo mu 2023 chilolezo chija chinatha mphamvu ntchito isanayambike, malo onse ofunika asanapezeke. Otsutsa akuti imeneyi ndi misala ya madoda ofuna kusewera ndi zidole zazikulu m'minda ya eni ake. Ine ndili kumbali ya omanga. Ndikunena kuti kupanganso Lyn kunali koyenera, ndipo njanji yake iyenera kutalika, chifukwa mutu wa sitima umasungika pokhapokha ukamayenda, ukamakoka mabogi pamtunda weniweni, ndiponso pakakhala anthu odziwa kuusonkhezera moto. Ndili ndi malire amodzi okha pa nkhaniyi, ndipo ndiwatchula ndikafika pa za anthu a ku Parracombe.

Ndikudziwa kuti ndine mlendo kuno, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Komabe sitimayi ndinakwerapo, ndipo zimene ndinaona zinandikumbutsa kwathu mwa njira imene sindinayembekezere. Kuti timvane bwino, tiyambe ndi kukula kwa njanjiyo. Pa njanji zambiri za ku Britain, zitsulo ziwiri zoyendapo mawilo zimatalikirana mamilimita 1,435. Yathu ya ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ndi ya mamilimita 1,067, moti kwa Mngelezi yathuyo ndi yopapatiza kale. Tsono ya Lynton and Barnstaple ndi ya mamilimita 597, kungopitirira pang'ono theka la mita, yoti mwana wa sitandade 3 angaidumphe osathamangira. Anaisankha yotere chifukwa njanji yopapatiza imakhota msanga, imazungulira phiri m'malo moliboola, choncho imatsika mtengo pomanga. Lyn nayenso ndi wamng'ono: mawilo awiri aang'ono kutsogolo, anayi okoka pakati, awiri kumbuyo, matanki a madzi m'mbali mwake, ndi kanyumba kotakata ka woyendetsa ndi wosonkhezera moto. Ukaima pafupi umamva kutentha kumaso, fungo la malasha losakanikirana ndi la oyilo wotentha, ndi kupuma kwake kwa phee, phee, ngati ng'ombe imene yangomasulidwa pangolo.

Njanjiyi inatsegulidwa mu Meyi 1898, ndipo inali ya mtunda wa mailosi 19, pafupifupi makilomita 30, kuchokera m'tauni ya Barnstaple kukafika ku Lynton m'mbali mwa nyanja. Mkulu wa kampaniyo anali Sir George Newnes, mpondamatiki wa nyuzipepala ndi magazini amene anali atathandiza kale kumanga kanjanji ka paphompho koyendera kulemera kwa madzi pakati pa Lynton ndi Lynmouth mu 1890. Mitu itatu yoyamba inapangidwa ndi kampani ya Manning Wardle ya ku Leeds, ndipo anaitcha mayina a mitsinje ya ku Devon, lililonse la zilembo zitatu: Yeo, Exe ndi Taw. Posakhalitsa anaona kuti itatuyo yachepa. Koma mafakitale a ku Britain anali atadzaza ndi maoda otsalira chifukwa cha mkangano waukulu wa mabwana ndi antchito a zitsulo wa mu 1897, choncho anapita ku Baldwin Locomotive Works ku Philadelphia, m'dziko la America. Mutu umene anagula kumeneko, Lyn woyamba, anaoloka nyanja ya Atlantic ali zidutswazidutswa, n'kudzalumikizidwa ku Pilton, kumene kunali shedi ya kampaniyo ku Barnstaple. Antchito ankangomutcha kuti Yankee chifukwa cha maonekedwe ake achilendo. Mu 1923 njanjiyo inalowa m'manja mwa kampani ya Southern Railway, imene inapatsa Lyn nambala 762, ndipo mu 1925 inagula mutu wachisanu, Lew, kuchokera ku Manning Wardle komwe kuja.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yolemera, ndipo sindifuna kuipeputsa. Akuti njanjiyi inayesedwa kale ndipo inalephera, tsono kuidzutsa n'kubwereza dala cholakwa cha makolo. Zoona zake n'zakuti inalepheradi, ndipo zifukwa zake zinalipo kuyambira tsiku loyamba. Ndalama zomangira zinapitirira kutali zimene anayerekeza, mpaka kontilakitala wake anagwa. Chifukwa chozungulira mapiri ndi kukwera chitunda cha phazi limodzi pa mapazi 50 aliwonse kwa mtunda wautali, ulendo wa mailosi 19 unkatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Katundu aliyense wochokera kutali ankayenera kutsitsidwa ndi manja ku Barnstaple, kuchoka m'bogi la njanji yaikulu kulowa m'kabogi ka njanji yaing'ono, ndipo aliyense amene anaonapo matumba a fetereza akusamutsidwa kuchoka m'thiraki kulowa m'ngolo akudziwa mmene zimenezi zimadyera nthawi ndi ndalama. Siteshoni ya Lynton anaimanga pamwamba pa phiri, mapazi pafupifupi 700 kuchokera panyanja, moti wotsika sitima ankakhalabe ndi ulendo wina wapansi. Dera lenilenilo linali la anthu ochepa ndi nkhosa zambiri, ndipo alendo ankabwera m'miyezi yotentha yokha. Misewu itakonzedwa, mabasi ndi magalimoto anatenga anthu onse. Pali nkhani imene amaikamba kawirikawiri yoti pa msonkhano wokana kutsekedwa kwa njanjiyo ku Barnstaple mu 1935, ambiri mwa okanawo anabwera pa galimoto. Sitima yomaliza inayenda pa 29 Sepitembala 1935, ikukokedwa ndi Lew ndi Yeo.

Zonsezi ndikuzivomera. Koma zikutsimikizira chinthu chimodzi chokha, choti njanjiyi inalephera pa ntchito yonyamula malasha, makalata ndi anthu a changu. Palibe amene akufuna kuibwezera pa ntchito imeneyo. Chimene chinaipha mu 1935, kuchedwa ndi kukhotakhota, ndicho chimene anthu akulipirira lero. Taonani bwato la mtengo umodzi kunyanja kwathu: kwa munthu wothamangira kuchipatala ndi chilango, koma kwa mlendo wofuna kuona mbuna m'miyala ya ku Cape Maclear, kuyenda pang'onopang'onoko ndiye katundu amene akugula. Chinthu chimodzi chomwecho chingakhale cholephera pa msika wina n'kukhala chofunika pa msika wina. Ndipo izi si zongoganiza chabe, chifukwa chitsanzo chilipo ku Wales. Njanji ya Welsh Highland inali yosauka kuposa ya Lynton: inatsegulidwa m'zaka za 1922 ndi 1923, n'kufa mu 1937, isanakwanitse n'komwe zaka 20. Pamene anthu anafuna kuimanganso, alimi ena ndi ena okonda bata la m'mapiri anakana, nkhani inafika pa kafukufuku wa boma, ndipo chilolezo chinaperekedwa mu 1999. Pofika 2011 sitima zinali zikuyenda mtunda wonse wa mailosi 25 kuchokera ku Caernarfon mpaka ku Porthmadog. Chondisangalatsa n'chakuti mitu ikuluikulu imene imakoka sitima kumeneko ndi ya mtundu wa Garratt, imene inagwira ntchito pa njanji zopapatiza za ku South Africa. Zimene kumwera kwa Africa tinaziona ngati zatha ntchito, ku Wales zikukoka mabogi odzaza ndi anthu amene agula matikiti, agona m'malo ogona alendo, adya m'malesitilanti a m'midzi imene migodi yake ya miyala inatsekedwa kalekale.

Pa chifukwa chomwechi, sindigwirizana ndi amene akuti mailosi imodzi imene ilipoyo ndi yokwanira, asiye pomwepo. Ulendo wa mailosi imodzi umatha usanakhazikike bwino pa mpando. Munthu sangachoke ku Bristol kapena ku London kudzagona usiku chifukwa cha ulendo wotere; amangopatuka akamadutsa pa msewu wa A39, kumwa tiyi, n'kumapita. Phindu kwa eni dera limabwera mlendo akagona. Komanso kwa Lyn mwini, mailosi imodzi ili ngati kugula ng'ombe zolimira n'kumangozizungulitsa pakhomo. Wosonkhezera moto saphunzira kusunga mphamvu ya nthunzi pa chitunda chachitali ngati chitundacho chikutha m'mphindi zochepa.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa imandifika pamtima kwambiri, chifukwa inenso ndinali nayo ndisanapite. Akuti Lyn amene akuyenda leroyu ndi wabodza. Ndipo n'zoona kuti si yemwe uja anachokera ku Philadelphia. Njanji itatsekedwa, katundu wake anagulitsidwa pa okushoni mu Novembala 1935, ndipo Yeo, Exe, Taw ndi Lyn anadulidwa n'kukhala zitsulo zakutha. Lew yekha anatsala, koma pa ntchito yomvetsa chisoni yokoka sitima zozula njanji yake yomwe. Atamaliza, mu Sepitembala 1936 anakwezedwa m'sitima ya pamadzi yotchedwa Sabor kupita ku Recife m'dziko la Brazil, ndipo kuchokera pamenepo anasowa. Anthu akhala akumufunafuna kwa zaka zambiri osamupeza. Madzi akatayika saoleka. Lyn wa lero anapangidwa ndi ndalama zimene gulu lotchedwa 762 Club linasonkha, analumikizidwa ndi kampani ya Alan Keef kufupi ndi Ross-on-Wye, ndipo anayamba kuyenda mu 2017. Kunja amafanana ndi wakale uja, koma mkati anamuika zinthu zamakono zothandiza kuti nthunzi ikhale yamphamvu ndiponso malasha asamathe msanga. Asanabwere iyeyu, ku Boston Lodge pa njanji ya Ffestiniog ku Wales anali atamaliza kale mu 2010 mutu wina wotchedwa Lyd, wotengera mapangidwe a Lew. Tsono wotsutsa amafunsa kuti: ngati chitsulo chilichonse ndi chatsopano, mukusunga chiyani? Si chimodzimodzi ndi kusema chifanizo cha agogo anu n'kumachipatsa moni m'mawa?

Funsoli ndi labwino, koma likuganiza kuti mbiri imakhala m'chitsulo. Kwathu sitiganiza choncho, ngakhale sitinenapo kawirikawiri. Ng'oma ya pabwalo chikopa chake chimang'ambika n'kukungidwa china, mtengo wake ukafumbwa amasema wina, koma palibe amene amati chimtali kapena tchopa wa chaka chino ndi wabodza chifukwa ng'oma si ija ya m'nthawi ya agogo. Chimene timaopa kutaya ndi dzanja lodziwa kukunga, khutu lodziwa kuti ng'oma yawambidwa mokwanira pamoto, ndi mwendo wodziwa sitepe. Pamene bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005, silinalembe chigoba chakutichakuti chosungidwa m'galasi. Linalemba luso ndi mwambo zimene zili mwa anthu. Chimodzimodzinso Ilala. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa ngati mmene Lyn anabwerera, inayamba kuyenda panyanja mu 1951, ndipo kuchokera pamenepo mainjini ake anasinthidwa, zitsulo zambiri zinawotcheredwa zina. Kodi munthu wa ku Likoma anayamba wakana kukwera ponena kuti si Ilala yeniyeni? Sitima ya malasha ndi chimodzimodzi. Kuti iyende, wina ayenera kudzuka usiku kukayatsa moto ndi nkhuni, n'kudikira maola kuti madzi awire pang'onopang'ono, chifukwa ukafulumiza chitsulo chimafutukuka mosiyana n'kuyamba kudontha. Wina ayenera kudziwa kuponya malasha ndi fosholo m'makona a ng'anjo, osaunjika pakati. Ayenera kuyang'anitsitsa galasi loonetsa madzi, chifukwa madzi akatsika kupitirira denga la ng'anjo ndiye ngozi yoopsa. Woyendetsa ayenera kumva ndi thupi lake pamene mawilo ayamba kuterera pa njanji yonyowa n'kuthira mchenga nthawi yomweyo. Zimenezi sizikhala m'buku. Zimachoka m'manja mwa wina kupita m'manja mwa wina, ndipo zikadumpha m'badwo umodzi zapita. Tsiku limene ndinapitako ndinaona mtsikana wachichepere, nkhope ili bii ndi mwaye, akumvetsera malangizo a bambo wa imvi pa kaponyedwe ka fosholo. Zitsulo zinali za 2017, koma zimene ankaphunzirazo zinali za 1898.

Apa ndi pamene mtima wanga unabwerera kwathu. Ifenso tili ndi mitu yathu yakale, ndipo yathuyo ndi yeniyeni, yosapangidwanso. Thistle ndi Shamrock, mitu iwiri yoyambirira ya Shire Highlands Railway yopangidwa ndi kampani ya Bagnall ku Stafford, inasungidwa, wina ku Limbe wina ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri. Inalipo pomanga njanji imene inalumikiza Port Herald, imene lero timati Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Ana a sukulu ambiri tinajambulitsapo pa mutu wa ku Chichiri, ena tinakwera n'kugwira zitsulo zake zozizira. Koma ndifunse: ndani mwa ife anachoka pamenepo akudziwa mmene chinthucho chinkayendera, kulira kwake, kapena thukuta la munthu amene ankachisonkhezera pokwera kuchokera kuchigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala? Ine ndinachoka ndi chithunzi basi. Ndinadzamvetsa ntchito ya agogo athu a pa njanji nditaima pambali pa mutu “wabodza” ku Devon. Ndiye mukandifunsa kuti pakati pa chenicheni chozizira ndi chopangidwanso chotentha n'chiti chimasunga mbiri, yankho langa mwalimva kale.

Za utsi sinditayapo nthawi yambiri, ngakhale ndi mfundo imene imatchulidwa mokweza. Akuti dziko la Britain likusiya malasha, moti siteshoni yake yomaliza yopangira magetsi ndi malasha, ya Ratcliffe-on-Soar, inatsekedwa mu Sepitembala 2024, tsono n'kulakwa kuyatsa malasha chifukwa cha zosangalatsa, makamaka m'malo otetezedwa. Munthu wochokera kudziko limene linaona namondwe wa Freddy mu 2023 sangaseke nkhani ya kusintha kwa nyengo. Koma tiyeze zinthu ndi muyezo wake. Kamutu konga Lyn, koyenda masiku osankhidwa pa chaka, utsi wake ndi dontho poyerekeza ndi mzere wa magalimoto umene umadzaza msewu wa A39 m'miyezi yotentha. Ndipo ngati njanji itatalika mpaka munthu n'kumasiya galimoto pa mphambano ya Blackmoor Gate, ena mwa magalimoto amenewo angachepe m'tinjira topapatiza ta ku Exmoor. Vuto lenileni la malasha ndi lina: mgodi wa Ffos-y-fran ku Wales, umene unkapereka malasha abwino kwa njanji zoterezi, unatsekedwa mu 2023, ndipo tsopano ayenera kuitanitsa kunja kapena kuyesa zoyatsira zina zopangidwa. Limenelo ndi vuto la eni sitima, osati chifukwa chowaletsera.

Palinso mfundo imene sinachokere ku Parracombe koma kwa anzanga a kwathu amene ndinawaonetsa zithunzi. Mmodzi anangoti, “Achimwene, anthu akhuta awa. Ndalama zopangira chidole chimenechi zikanakumba mijigo ingati kumudzi?” Ndikumvetsa kumene mawuwa akuchokera, ndipo nanenso ndikaona mtengo wa zinthu kuno ndimayamba kuwerengera m'makwacha. Komabe mfundoyi ili ndi bowo. Ndalama za Lyn sizinachotsedwe m'thumba la chipatala. Zinasonkhedwa ndi anthu wamba mwa kufuna kwawo, ena pang'onopang'ono kwa zaka. Munthu amene anapereka ndalama zogulira wilo la sitima sakanazitumiza ku Ntchisi sitimayo ikanapanda kupangidwa. Akanagula galimoto ina kapena kupita kutchuthi ku Spain. Kuonjezera apo, ife tomwe sititsatira lamulo limeneli. Timasonkha za yunifolomu ya kwaya, za timu ya mpira ya m'dera, za chiliza cha agogo amene anamwalira zaka 20 zapitazo, mijigo isanakwane. Palibe amene amati kumanga chiliza ndi kukhuta. Timadziwa kuti anthu amene asiya kusamala za kumene achokera sakhala achifundo kwambiri chifukwa cha kutero. Ngati pali chotiphunzitsa pamenepa, ndi kuona mmene anthu opanda boma kumbuyo kwawo anayambira bungwe mu 1979, n'kugula siteshoni ya Woody Bay mu 1995, n'kudzayendetsa sitima yoyamba mu 2004. Zaka 25 akusonkha ndi kusema, osalandira malipiro.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ndimaiona kuti ndi yolimba kuposa zonse, ya anthu a ku Parracombe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene adzamve kulira kwa sitima pawindo tsiku ndi tsiku ndi iwowo, osati ine. Njanji itazulidwa, malo ake anagulitsidwa zidutswazidutswa. Kwa zaka pafupifupi 90 anthu akhala akudyetserapo nkhosa, kulimapo maluwa, ena kumanga pafupi. Damu la Wistlandpound, lomangidwa m'zaka za m'ma 1950, linamiza gawo lina la njirayo. Munthu amene anagula nyumba yake chifukwa cha bata ali ndi ufulu wodandaula akamva kuti kuseri kwa mpanda wake kudzadutsa mabogi a alendo atanyamula mafoni ojambulira. Mlimi amene munda wake udzadulidwe pakati ali ndi ufulu wofunsa kuti ziweto zake zidzaoloka bwanji. Ndipo pali chikumbumtima china chowawa: pa chigumula cha mu Ogasiti 1952, chimene chinapha anthu 34 m'dera la Lynmouth, chimulu cha dothi chimene njanji inkadutsapo pa mtsinje wa Heddon ku Parracombe chinakokoloka. Amene akuopa kuti pamalo pomwepo pamangidwenso chinthu sakuopa mthunzi. Pamwamba pa zonsezi, malamulo a ku Britain amalola omanga njanji kupempha boma mphamvu yogula malo mokakamiza, ndipo mantha a mphamvu imeneyi ndiwo anawawitsa mkanganowu. Ife a ku Malawi, amene mbiri yathu ya malo ku Thyolo ndi ku Mulanje timaidziwa, sitifunika kuuzidwa kuti mawu oti “chitukuko” amamveka bwanji kwa munthu amene akuchotsedwa pamunda.

Apa ndiye pali malire anga aja. Njanji italike, koma pa malo ogulidwa kwa munthu wovomera, osati olandidwa ndi kalata ya boma. Njanji yonyamula mafuta ndi chimanga cha dziko lonse ingakhale ndi chifukwa chokakamizira munthu mmodzi kuti apatuke. Njanji yosangalatsa alendo ilibe chifukwa chotero, ngakhale ikhale yokongola bwanji. Wina anena kuti potero ndagonja, chifukwa mwini munda mmodzi wokana angaimitse zonse. Sindikuona choncho. Kukana kwa munthu si phiri. Minda imagulitsidwa, ana amalowa m'malo mwa makolo, ndipo amene akukana lero chifukwa anamva kuti akuopsezedwa angavomere mawa akaona kuti afunsidwa mwaulemu, alonjezedwa mpanda, podutsira ziweto, ndi maola amene sitima sidzalira. Okonda njanjiyi asonyeza kale kuti njira imeneyi imatheka: siteshoni ya Chelfham ndi ka siteshoni ka Snapper Halt zili m'manja mwawo chifukwa anadikira mpaka zitagulitsidwa. Mlatho waukulu wa Chelfham, wa zipata 8 ndi msinkhu wa mapazi 70, udakali chiimire ndipo unakonzedwa mu 2000. Za mtsinje wa Heddon, yankho si kusiya kumanga koma kumanga mosiyana, mlatho wotakata wopatsa madzi njira m'malo mwa chimulu cha dothi, ndipo mapulani ake aonetsedwe poyera kwa anthu okhala kumunsi kwake. Koma kunena kuti asalande malo n'kosiyana ndi kunena kuti akuluakulu a Exmoor akane chilolezo ngakhale pamene malo agulidwa mwachilungamo. Bata la m'mudzi ndi lofunika, koma Parracombe anakhala ndi sitima zaka 37 ndipo sanaleke kukhala mudzi. Malo otetezedwa a ku England si nkhalango yopanda anthu ngati Nyika. Ndi dziko la minda, mipanda ya miyala, matchalitchi ndi misewu, zonse zopangidwa ndi manja, ndipo njanjiyi ndi chimodzi mwa zimenezo. Inamangidwa zaka zoposa 50 Exmoor asanalengezedwe kukhala malo otetezedwa mu 1954.

Chaka cha 1935 chimandidabwitsa ndikachiganizira. Chaka chomwe Angelezi ankadula Lyn ku Pilton, kwathu mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unkatsegulidwa ndipo njanji inkafika ku Salima. Ife tinkalandira chimene iwo ankayamba kutaya. Kenako nafenso tinalawa kugona kwa njanji, madzi atakokolola njira ku Chiromo mu 1997 n'kusiya chigawo cha kumwera chili zii kwa zaka zambirimbiri. Amene anaona udzu ndi mitengo zikumera pakati pa zitsulo ku Bangula akudziwa kuti chovuta pa kudzutsa njanji si zitsulo ayi, koma njira yake ikalowedwa ndi anthu oidziwa akatha. Ku Devon anataya zonse ziwiri, ndipo akuzitola chimodzichimodzi.

Tsiku lotsatira sitima yomaliza ija, msilikali wa pamadzi wopuma ntchito wa ku Woody Bay, Captain Woolf, anatumiza nkhata ya maluwa ku siteshoni ya Barnstaple Town, ndi kakhadi konena kuti mwina njanjiyo sinafe koma ili m'tulo, mawu otikumbutsa za kunyumba ya Yairo. Otsutsa amati anthu akhala akunamizidwa ndi kakhadi kameneka kwa zaka 90. Mwina. Koma ine ndinaima pa Killington Lane n'kuona Lyn akumasulidwa kutsogolo kwa mabogi, akubwerera pa njanji ya pambali kuti akakoke kuchokera mbali inayo, chifukwa kutsogolo kulibe kopita. Ena mwa mabogiwo ali ndi matabwa enieni a m'nthawi ya njanji yakale, otoledwa m'minda mmene ankagwira ntchito ngati tinyumba tosungiramo katundu. Kupitirira pamene zitsulo zathera, njira yakale ikuoneka bwinobwino m'udzu, ikutsetsereka kulowera ku Parracombe. Gulu la 762 Club layamba kale kupanganso Yeo ndi Exe, ndipo mitu itatu singakwane pa mailosi imodzi.